Sitima za Bambo

Bambo anatha zaka zisanu ndi chimodzi akumanga kachifanizo ka doko la sitima zankhondo pa chitseko chakale chimene anachigoneka patebulo. Anaikapo makina onyamulira katundu, nyumba zosungiramo zida, ndi tianthu tosaposa theka la kamtengo ka machesi. Pa doko lenilenilo anagwirapo ntchito zaka makumi atatu. Anzawo opuma pantchito anali atagwirizana zodzaliona Loweruka, koma sitiroko inawatsogolera. Dzanja lamanja la Bambo linafa, mawu ankatuluka limodzilimodzi.

"Sitima," anatero akuloza patebulopo. "Palibe. Asabwere."

Ine ndimakonza mawotchi, ndiye tinthu ting'onoting'ono sitindiopsa. Ndinati Ababa musadandaule, alendo abwera ndithu. Masiku atatu ndinadula zitini, kuwotcherera, kupaka utoto wotuwa, mpaka ndinatulutsa sitima ziwiri zapamadzi zamizinga yake yomwe. Kunena zoona ndinadzitama mumtima.

Bambo anaziyang'ana, n'kuzikankhira kumbali ndi chigongono.

Zinandipweteka, ndipo ndinapsa mtima. "Mayi, amuna anuwa akufuna chiyani kwenikweni? Anati sitima, izi si sitima?"

Mayi anaseka mpaka kugwira mpando. "Iwe, unafunsa kuti sitima yake iti? Tayang'ana pansipo."

Ndinawerama. Timawaya tiwiri tinkayenda moyandikana kuchokera pachipata, kudutsa pansi pa makina aja, mpaka m'mphepete mwa madzi. Ine ndinkayesa mapaipi. Inali njanji.

"Bambo akowa m'madzi sanalowemo ngakhale tsiku limodzi," anatero Mayi. "Ankalumikiza mabogi a sitima yapamtunda, yobweretsa malasha ndi zitsulo padoko."

Manyazi anandigwira. Kusukulu ndinkauza aliyense kuti bambo anga amayenda panyanja, ndipo chala chawo chapakati chinaduka kunkhondo. Iwo ankangoti "ndimagwira ku sitima", zotsalazo ndinkawonjezera ndekha. Zaka zonsezi sindinafunsepo.

Kunatsala masiku awiri. Ndinayeza mpata wa timawaya tija, n'kukhuthula bokosi langa la mawotchi akufa. Timagudumu ta mkati mwake ndinatipala mano, n'kutilowetsa pa singano zodula. Bogi loyamba linachoka panjanji pokhota. Lachiwirinso chimodzimodzi. Bambo anagogoda patebulo, n'kuonetsa ndi zala kuti magudumu akutsogolo ndi akumbuyo atalikirana kwambiri. Nditawayandikitsa, linakhota bwinobwino. Ndinapanga asanu, atatu otsegula a malasha ndi awiri afulati. Oyera sanawafune, ndiye ndinawadetsa ndi mwaye wa kandulo.

Loweruka kunabwera anzawo aja, madala anayi. Sitima zanga zapamadzi, zimene Mayi anaziika pamadzi a utoto kuti ndisalire, palibe anaziyang'ana kawiri. Onse anaunjikana pa mabogi, kukangana kuti la malasha linkaima pati.

Kenaka Bambo anatulutsa kamunthu m'thumba la malaya. Ndi dzanja lamanzere anayesa kukaimika pakati pa mabogi awiri, koma kanagwa. Ndinakatola ndi kopanira kanga ka mawotchi.

"Apa, Ababa?"

"Apo," anatero. Anakweza dzanja lakufa lija ndi linzake, n'kundionetsa pamene panali chala choduka chija. "Apo."