Mbande Zitatu za Alufandika

Alufandika ankadana ndi chamba kuyambira ali mnyamata ku Mponela. Fungo lake likangomupeza m'basi, ankasintha mpando. Ndiye taganizirani munthu yemweyu, dikoni wa mpingo, imvi zili mbuu, atagwada m'kabati ya pansi pa masitepe m'nyumba ya lendi ku Braunstone, kutsidya la nyanja, akunyengerera mbande za chamba ngati makanda. Chinamufikitsa pamenepo ndi matenda a mkazi wake.

Margret anamupeza ndi khansa ya m'matumbo kumayambiriro kwa 2018. Mankhwala a kemo anam'landa chilakolako cha chakudya, moti fungo la anyezi lokha linkam'thamangitsira kubafa. Mankhwala oletsa nseru anayesa mitundu itatu, koma ayi ndithu. Mayi yemwe kale ankanyamula yekha nkhalamba kunyumba yosamalira okalamba tsopano ankapumira panjira pokwera masitepe. Adokotala ananena mosapsatira kuti thupi likapitiriza kutsika chonchi, kemo aimitsa, pakuti mankhwalawo amafuna munthu woti ali ndi kamphamvu. Nkhani yonse inagona pamenepo: Margret adye, sikelo isatsike, kemo apitirire.

Amene anabweretsa nzeru ya chamba anali Hanif, mnzake wa kuntchito ku weyahausi yosungira katundu, Mmwenye wobadwira ku Limbe yemwe Chichewa chake chinali cha m'sitolo ya abambo ake koma chomveka bwino. Hanif sankagulitsa, ndipo nkusuta komwe sankasuta kwenikweni. Chake chinali kukwatitsa mbewu. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankatenga mtundu uwu nkuuphatikiza ndi uwo, nkumasunga njere m'timaenvelopu tolembedwa madeti, ngati munthu woweta nkhunda zampikisano. Mtundu womwe ankaunyadira anautcha Limbe, chifukwa kholo lake limodzi linali chamba cha kumudzi. Tsiku lina pa buleki anamupatsa Alufandika kabotolo ka mafuta a chambacho, nati akayese pang'ono mu tiyi wa mayi.

Alufandika anakasunga kabotoloko sabata yathunthu m'thumba la jekete, akulimbana ndi chikumbumtima. Atakatulutsa, Margret anangoti munthu woti akumira sasankha chogwira. Tsiku limenelo anadya magawo awiri a buledi ndi dzira, kenaka anafunsa ngati m'filiji munatsala nyemba. Alufandika anatuluka panja nkukalira kuseri kwa mabini.

Zinayenda choncho miyezi iwiri, sikelo nkuima malo amodzi. Kenaka amayi ake a Hanif anasamukira kwa mwana wawo, ndipo mphuno ya mayi amenewo siinkanama. Pasanathe sabata Hanif anali atazula zonse. Anabwera ku Braunstone ndi nyale yake yokulitsira mbewu, kabotolo komaliza, ndi njere zisanu ndi imodzi za Limbe, zomwe zinali zomaliza za mtunduwo. Anafotokoza zambiri atayima pakhomo. Anatchulapo zoti mbewuyi ili ndi zazimuna ndi zazikazi, kuti mankhwala ali m'maluwa a zazikazi, ndiponso kuti asakhudze iliyonse mpaka zitadzionetsa zokha. Alufandika ankangogwedeza mutu, khutu lina lili kuchipinda kumene Margret ankasanza. Komanso tinene zoona, mumtima ankati mwana wa m'sitolo angamuphunzitse chiyani za mbewu iye, munthu woti anakulira pa mzere.

Njere zonse zinamera, ndipo apa ndi pomwe vuto linayambira. Kabatiyo inali yaing'ono. Pofika sabata yachinayi masamba anali akukankhana, ndipo diso la Alufandika linaona zomwe diso la mlimi aliyense wa chimanga likanaona: phando lathithikana. Mbande zitatu zinali zitathamanga, zazitali, zamiyendo yolimba. Zitatu zinazo zinali zonyentchera, zazifupi, zongotambalala pansi. Bambo ake anamuphunzitsa kupatulira asanayambe nkomwe sukulu, ndipo lamulo lake linali limodzi, loti chofooka chichoke kuti champhamvu chidye bwino. Sanaimbe foni kufunsa. Loweruka m'mawa anazula zazifupi zija, nkuzikulunga m'nyuzipepala, nkuziika pansi penipeni pa bini kuopa maso a anthu. Lachiwiri galimoto ya zinyalala inadutsa.

Zotsalazo zinakondwa. Zinakula mpaka kugunda nyale, iye nkumazipinda mitu. Ankapita kukamuuza Margret kuti dzanja la ku Mponela silinaiwale ntchito. Margret ankamwetulira, akuyang'ana kabotolo pawindo, komwe mafuta ake anali atatsika kufika pa chala chimodzi. Anayamba kudumphitsa masiku kuti afike patali, ndipo masiku odumphawo sankadya kanthu.

Mu Okutobala mbewu zija zinadzionetsa. M'malo mwa maluwa onenepa amene Hanif anamuonetsapo pa foni, m'mphanda zonse munatuluka timipira tating'ono tolendewera. Anayang'ana yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Zonse chimodzimodzi. Mawu a pakhomo aja anamubwerera onse tsopano, momveka bwino ngati akunenedwa kumene. Chimanga chimakhala ndi ngayaye ndi chitsononkho pa phesi limodzi, nchifukwa chake sanaganize kawiri. Koma nanga mapapaya? Kwawo kuseri kwa khola kunali papaya wamwamuna, wamtali kuposa onse, yemwe ankangochita maluwa chaka ndi chaka osabereka. Zimenezi ankazidziwa bwino lomwe, kungoti sanazikumbukire pa nthawi yake.

Papaya uja ndi amene anamupatsa ganizo lomaliza. Amayi ake ankamangirira chitsononkho pathunthu la papaya wamwamuna, amvekere akachita manyazi abereka. Ngati anaberekadi, Alufandika sankakumbukira. Koma anakwera basi mpaka ku Narborough Road, nkugula chimanga chachiwisi chitatu, nkuchikonola, nkumangirira zitsononkhozo pa mbewu zake ndi ulusi wa Margret wolukira. Dikoni wathu anachita zimenezi akupemphera, ndipo sankadziwa kuti akupepesa kapena akupempha. Anadikira masiku khumi, akutsegula kabati m'mawa uliwonse asanapite ku shifiti. Timipira tija tinangochuluka, tina nkuyamba kuphulika.

Sabata imeneyo kabotolo kanatha. Margret anathiramo tiyi wotentha nkukhutchumula, kawiri konse. Lachinayi kuchipatala anamuyeza, adokotala nkutseka faelo mwaulemu. Anati kemo ayamba aimitsa kaye, ndipo Alufandika atafunsa kuti kaye ameneyu ndi wa masiku angati, anayankha kuti ndi bwino mwana wawo Uchizi, amene amakhala ku Corby, azibwera pafupipafupi Khirisimasi isanafike.

Ndi pamene anamuitana Hanif. Anafika Lamlungu masana, nagwada pa kabati, nayang'ana nthawi yaitali. Anagwira chitsononkho chimodzi, nayang'ana Alufandika, koma sanafunse. Anakulira ku Limbe, ankadziwa.

"Zinazo zili kuti, achimwene?"

"Ndinapatulira."

"Munasiya zazitali."

"Ndinasiya zamphamvu," anatero Alufandika.

Hanif anapukusa mutu. Anati kawirikawiri zazimuna ndi zomwe zimathamanga kutalika, ndipo zonyentchera zija mwina zonse zinali zazikazi. Alufandika anamugwira mkono nkumuchonderera kuti afufuze kwa anzake, kaya ku Derby kaya kuti, aliyense amene angakhale ndi mtundu umenewu. Hanif anati Limbe kunalibenso kwina, njere zake zinali zomwezo. Za mumsewu anakaniza, ati sudziwa chomwe athiramo, ndipo zambiri zimangozunguza mutu, munthu wofooka ngati mayi zingamugwetse.

Kenaka, pofuna kutonthoza mnzake, Hanif analakwitsa nayenso. Mtima wa woweta mbewu unamukwera. Anagwedeza nthambi imodzi, kafumbi kachikasu nkuwaza padzanja lake, maso ake nkuwala. Anati amuna amenewa ndi abwino zedi, sanaonepo otere. Mungu uwu akausunga, iye ali ndi njere za mtundu wina wapachibale, akhoza kukwatitsa, nkusankha ana abwino, nkubwezeretsa Limbe mwinanso kuposa poyamba.

"Zitenga nthawi yaitali bwanji?" anafunsa Alufandika.

"Tikafulumira, Juni. Mwina Julaye."

Hanif anaona nkhope ya Alufandika, nkumvetsa zomwe wanena, nkugwetsa maso pansi.

Awiriwo sanadziwe kuti Margret anali atatsika. Anali atakhala pa sitepe yachitatu, pamwamba penipeni pa kabatiyo, atafunda gawuni yomwe tsopano inkamuzungulira kawiri. Anapempha kuti amuthandize aone nawo munda wa amuna ake, poti miyezi yonseyi ankangoumva. Alufandika anamugwiriziza, mkono wake wopepuka ngati wa mwana. Margret anasuzumira, nkuona mbewu zitatu zazitali, iliyonse itavala chitsononkho pa ulusi wake wofiira. Anaseka, kuseka kwenikweni komwe Alufandika anali asanakumve chiyambire Febuluwale, mpaka chifuwa chinamugwira.

"Bambo a Uchizi, ulusi wanga ndakhala ndikuufuna sabata yonse."

"Ndakuphani ine, mayi," anatero Alufandika. "Ndi manja angawa. Anandiuza, ine osamva."

"Mwandipha ndinu? Khansa ija munabzala ndinu?" Anapuma kaye, atatsamira khoma. Kenaka anatembenukira kwa mlendo. "A Hanif, tengani kaenvelopu kanu. Sungani munguwo, mulembe deti bwinobwino. Juni akadzafika padzakhala wina amene sakudya."

Hanif anatulutsa kaenvelopu m'chikwama, nkumupatsa Alufandika kuti agwire. Alufandika anagwadanso m'kabati muja, nkuyamba kugwedeza nthambi imodziimodzi mosamala, misozi akuipukutira paphewa kuti isanyowetse mungu. Margret anakhala pa sitepe akuonerera, nkumamuuza pomwe wadumpha.