Timabotolo Tosatsegula ta Ambokile

Nkhaniyi anandiuza ndi Tusekile, mayi wogulitsa mpunga pa depoti ya Karonga, tsiku lomwe minibasi inanditaya pamenepo. Womwalirayo, Ambokile, anali mlongo wake.

Patatha masiku atatu chiikireni maliro ku Lupembe, Morton, mkulu wake wa malemuyo, anakhuthulira pamphasa chikwama chomwe chinabwera kuchokera kuchipatala. Munatuluka kapu, sopo, kenako timabotolo ta jakisoni, tosatsegula.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

Funsoli linapita kwa Madalo, mkazi wamasiyeyo, mphunzitsi wa ku Dedza.

Ambokile chinamupha ndi tizilombo tomwe tinakhazikika pa tizitseko ta mumtima, tosamva mankhwala wamba. Dokotala ananena kuti pafunika majakisoni a mitundu iwiri, kuyendera limodzi masabata asanu ndi limodzi, osadumphitsa. Wachiwiriyo pachipatalapo panalibe. Morton ndiye anawoloka Songwe kukamugula ku Tanzania.

"Ndinapsa ndi dzuwa pa boda paja ngati chitsiru!" anakalipa Morton. "Womudikirira munali inu. Ntchito yanu inali kungopereka kwa anesi basi. Kapena mumati mukagulitse kwanu?"

Achibale anatembenukira m'Chinkhonde. Madalo sankachimva bwino, koma mayina a ana ake awiri anawamva. Morton anamumasulira mwadala, pang'onopang'ono:

"Ng'ombe za lobola tinapereka. Ana ndi athu. Sangaleredwe ndi munthu wobisa mankhwala. Inu Loweruka muzipita."

Apa mpamene Madalo anadzuka, nsalu ili m'manja.

"Inuyo, alamu, munabwera kangati? Kamodzi! Kudzasiya timabotolo tanuto, n'kudzijambulitsa pambali pa wodwala. Pansi pa bedi ndinkagona ndine. Sabata yachitatu makutu ake anayamba kulira. Ndikamuitana, ankangondiyang'ana pakamwa. Dokotala anati ndi jakisoni wachiwiriyo, ndipo wina wolowa m'malo mwake panalibe. Mng'ono wanu anakana kubayidwanso. Ndinagwada ine, odwala onse akuona!"

"Bodza. Bwanji simunatiimbire?"

"Anandiletsa. Ankadziwa kuti mudzamugwira manja ndi miyendo."

Tusekile akuti iye apo anaweramitsa mutu, pakuti mlongo wakeyo ndiye ankatsogolera gule wa mapenenga m'mudzimo. Pa anthu makumi awiri oliza malipenga, mmodzi akaphonya, Ambokile ankamuloza osacheuka, pongomva.

Madalo anapisa dzanja m'bulauzi, natulutsa kabuku ka kuchipatala, n'kukaponya pamiyendo pa Morton. Patsamba lomaliza panalembedwa mokhotakhota:

"Ndakana ndine. Madalo walira, sindinamumvere. Kuvina ndikungoonera miyendo ya anzanga sindingathe. Musamuvute. Mankhwala otsalawa mupatse wina amene alibe mkulu wake wokamugulira."

Morton anawerenga kawiri.

"Chitsiru cha munthu! Kufera ng'oma!"

Anamenya mphasa ndi chibakera, timabotolo n'kumwazikana. Kenako anagwada, n'kuyamba kutitola kamodzikamodzi, akupukuta fumbi ndi malaya ake. Osadzutsa maso anati:

"Ana akhale ndi mayi awo. Mawa, alamu, mundiperekeze kuchipatala kuja. Mukandionetse amene akuvutika ngati iye."

Tusekile anathera pamenepo, n'kutembenukira kwa wogula mpunga. Ine ndayenda, ndamva zambiri, ndipo pano ndikukayika. Madalo ndi mphunzitsi, zolemba za mwamuna wake ankazidziwa bwino, ndipo ana anali pafupi kumuchoka. Kuti tsamba lija analemba ndi Ambokile, sindikutsimikiza.