Matabwa Opendekera

Nyumba yatsopano ya a Haidari inali nkhani pa Santhe, osati chifukwa cha malata kapena mawindo, koma pansi pake. Mmisiri Lemani anabwereka makina ku Kasungu pa boma, n'kupala simenti ija mpaka inayamba kunyezimira ngati yathiridwa madzi. Matenanti a m'maesiteti akabwera kudzagula sopo ndi mchere kushopu ya a Haidari, ankapempha kuti angosuzumirako pakhomo. Mayi Maimuna, akazi a Haidari, ankanamizira kudandaula kuti anthu akuonjeza, koma m'mawa uliwonse ankakolopa kawiri.

Amene sanaione simentiyo ndi bambo awo a Haidari, a Hussaini, chifukwa maso awo anali atachita khungu. M'kanyumba kakale kuseri kwa shopu sankafuna wowatsogolera. Mapazi awo ankadziwa pamene simenti inakumbika ndi pamene panali chigamba. Nthawi yoswali ikakwana, ankafufuza mng'alu wina ndi chala cha kuphazi, n'kuyala mkeka wawo motsata mng'aluwo, ndiye kuti ayang'ana ku Chibula, kumene Msilamu aliyense amalunjika akamapemphera. M'nyumba yatsopanoyi munalibe mng'alu ngakhale umodzi. Paliponse panali posalala ndi pozizira mofanana.

Tsiku lina masana, Mayi Maimuna akudutsa ndi beseni la zovala anawaona apongozi awo atagwada, nkhope italunjika kum'mawa, kumene kunali chigayo cha Mayi Feliya. Mtima unawapweteka. Mawa lake anawaona atalunjika kumadzulo, ku zigafa za fodya. Koma mkazi wa mwana angayambe bwanji kuwauza apongozi ake kuti akulakwitsa mapemphero? Ulemu wa kwathu kuno nthawi zina umamanga pakamwa, ndipo eni ake timanyadira kuti tinaleredwa bwino.

Anakawauza amuna awo kushopu.

"Bambo a Laila, bambo akuswali mbali zolakwika."

"Asiyeni. Mulungu akudziwa kumene mtima wawo walunjika," anatero a Haidari akuyeza misomali pasikelo. "Mukufuna ndikawaphunzitse munthu amene anandiphunzitsa ineyo kuswali?"

A Haidari ndi munthu woti amatha kukangana ndi dalaivala wa lole tsiku lonse chifukwa cha thumba limodzi long'ambika, koma pamaso pa bambo awo mawu amawathawa. Choncho m'nyumbamo aliyense ankadziwa, kupatula mwini nkhaniyo.

Chinaulula ndi chigayo. Magetsi atabwerera masana ena, chinayamba kulira a Hussaini akadali pamkeka. Anatchera khutu, kenako anaitana.

"Mayi, chigayo cha a Feliya chinasamuka?"

"Iyayi, bambo, chili pomwe paja."

"Tsiku loyamba Haidari atandiimika bwino, chinkalira kudzanja langa lamanja. Bwanji lero chikulira kumaso kwanga?"

Mayi Maimuna anangoyang'ana pansi, n'kudziona nkhope yawo musimenti ija.

A Hussaini sanakalipe. Anapinda mkeka, n'kunena kuti awabwezere kukanyumba kawo. A Haidari anawachonderera: kanyumbako kankadontha, mvula inali pafupi, ndipo theka lake anali atasungamo kale matumba a feteleza. Mkuluyo anayankha kuti nyumba yatsopanoyo ndi yabwino kwambiri, kungoti ndi ya anthu openya. Anapitadi. M'masiku ochepa anayamba kutsokomola ndi fungo la feteleza, ndipo chakudya chinkabwerera chosadya.

A Haidari anaganiza zojambula muvi pansi ndi penti. Akazi awo anangowayang'ana mpaka eni ake anazindikira okha kuti anena zotani.

Nzeru inawabwerera Mayi Maimuna ali kuseri kwa kauntala. Pamalopo panali matabwa amene ankapondapo kuti miyendo isazizire mu Juni, ndipo anaona kuti mapazi awo ankadziwa pothera matabwawo ngakhale maso ali pa makasitomala. Anaitanitsa Lemani.

Lemani atamva kuti akufuna agumule mbali ina ya simenti yake m'chipinda cha a Hussaini n'kuikapo matabwa, anavula chipewa n'kuchivalanso.

"Mayi, ntchito yabwino chonchi? Komanso chiswe cha kuno mukuchidziwa, chimadya mpini khasu lili m'manja."

"Mupake mankhwala. Ndipo matabwawo asatsate khoma ayi. A Shehe akuonetsani kolunjika."

Nyumbayo inamangidwa moyang'ana msewu, ndiye a Shehe atatambasula chingwe kulozera ku Chibula, chingwecho chinapendekera, osagwirizana ndi khoma lililonse.

"Anthu adzati Lemani anagwira ntchito ataledzera," anadandaula mmisiriyo.

"Mudzawauze kuti woledzerayo ndinali ine," anatero Mayi Maimuna.

Mlombwa ndi m'bawa zinasowa kalekale m'dera la fodya lino, choncho anagula matabwa a bulugamu ouma bwino. Lemani, podandaula pomwepo, anagwira ntchito yaukhondo. Anakumba simenti kuti matabwa afanane nayo msinkhu, munthu asapunthwe, ndipo pakati pa thabwa ndi linzake anasiya kamzere koti phazi lizikamva. Atapaka vanishi, kufiira kwa matabwa kunakhala bwino ndithu pambali pa simenti yotuwa ija, moti anajambula pafoni mobisa.

Lachisanu pochokera kumzikiti, a Haidari anawanyengerera bambo awo kuti akangodyako kunyumba yatsopano. Atatha kudya anawagwira dzanja n'kuwalowetsa m'chipinda chija. A Hussaini anayenda pasimenti mokweza mapazi, mosakhulupirira pansi. Kenako phazi lamanja linaponda pofunda. Anaima. Anayendetsa chala m'kamzere kaja, kutsogolo, kumbuyo, ndipo thupi lawo linatembenuka lokha mpaka analunjika bwinobwino. Mayi Maimuna, amene anali atagwada pakhomo, anagwetsa misozi.

"Anaganiza izi ndani?" anafunsa mkuluyo.

"Apongozi anu," anayankha a Haidari.

"Mayi, muli pomwepo?"

"Ndili pano, bambo."

"Mwachita bwino. Tsono ndiuzeni, munayamba liti kundiona ndikuswali kolakwika?"

Mayi Maimuna anafuna kunama, koma analephera. "Sabata yomwe tinasamukira muno."

"Ndiye munangokhala chete?"

"Ndinkaopa kukuchititsani manyazi."

A Hussaini anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Manyazi ndinawachitabe, ndipo ndinawachita ndekha. Chinandithamangitsa muno si simenti ayi. Ndinathawa chifukwa ndinadziwa kuti m'nyumba yodzaza ndi maso, palibe amene angandiuze ndikasochera. Matabwawa andionetsa ku Chibula, zikomo. Nanga tsiku limene ndidzatuluke nditadetsa mkanjo osadziwa, mudzaitananso kalipentala?"

A Haidari anakanda m'mutu.

"Haidari sangathe, ameneyu ndimamudziwa," anapitiriza mkuluyo. "Inuyo mayi, ngati mungamandiuze, katundu wanga abwere. Ngati simungathe, ndibwerere kufeteleza kwanga."

Mayi Maimuna anawayang'ana apongozi awo. Chiyambire m'mawa, asanapite kumzikiti, kofia yawo inali yotembenuzidwa, msoko uli kunja. Anaiona pakhomo, anaionanso pakudya, ndipo amuna awo nawonso anaiona. Mayi Maimuna analankhula motsitsa mawu.

"Bambo, kofia yanu mwaivala chotembenuza."

A Hussaini anaivula, n'kufufuza msoko ndi zala.

"Chiyambire liti?"

"M'mawa, bambo."

"Ndiye mzikiti wonse wa Santhe waiona," anatero akuitembenuza. Anaivalanso, n'kuisindikiza bwino ndi manja awiri. "Haidari, ukuimiranji pamenepo? Kanditengere sutikesi yanga."