Mabotolo a Juwisi a Alamu Anga

Thoko wanga anatuluka m'chipatala atawonda ngati phesi. Anali atamwa mankhwala opopera nazale ya fodya. Mwanayo ali ndi zaka zinayi, ndipo mankhwalawo anali m'botolo la juwisi, lopanda pepala lililonse. Umo ndi momwe ankagulitsira a Levison pashopu yawo ku Njombwa: kugula chigubu chachikulu, n'kumathira m'timabotolo totola kumsika.

A Levisonwo ndi achimwene awo a bambo a Thoko. Vuto linali pamenepo.

"Zagwa zatha," anatero bambo a Thoko akufolera chigafa. "Mwana wachira. Ukufuna uwachititse manyazi achimwene?"

"Adokotala anandifunsa dzina la mankhwala kuti adziwe pomuyambira mwana. Ndikanati chiyani? Juwisi?"

Anangopitiriza kumanga udzu.

Ndinapita ndekha kushopuko, ndinanjuta mwaulemu wake, n'kunena kuti, "Alamu, mabotolo awa asiyeni, atipha."

Anaseka. "Mayi a Thoko, botolo lili ndi miyendo? Linayenda lokha kukafika pakamwa pa mwana? Kwanuko zinthu mumasunga bwanji?"

Amuna osewera bawo pakhonde anaseka nawo. Kwa alangizi a zaulimi nakonso sindinaphule kanthu. Anati munthu mmodzi akamadandaula za mlamu wake, imeneyo ndi nkhani ya m'banja.

Lachinayi ku Chigwirizano cha amayi, titatha kupemphera, ndinaimirira osapatsidwa mpata. Ndinalibe mawu okoma. Ndinangofunsa kuti ndani pano alibe botolo lotere m'nyumba mwake. Kenako a Faustina, amayi achikulire oyambitsa nyimbo, anati chaka chatha anapopera tomato wawo mankhwala opha udzu poganiza kuti ndi a nsabwe, dimba lonse linapsa. A Fainala anati awo amabwera m'botolo la mafuta ophikira. Aliyense anali ndi nkhani yake, koma onse ankangokhala nayo phee, poti mwini shopu amatiyimbira belu kutchalitchi.

Loweruka, tsiku la msika, tinafwanthula kunsi kwa bedi, kuzigafa, kunkhokwe, tinadzaza madengu n'kukatula pakhonde la shopu. Sitinaimbe, sitinatukwane. A Faustina anatola botolo limodzi.

"A Levison, tatiuzeni, awa ndi a chiyani?"

Analiyang'anitsitsa padzuwa. "A nsabwe."

"Nanga awa?"

Anatsegula n'kununkhiza, n'kuyamba kutsokomola.

"Eni ake akuchita kununkhiza!" anakuwa a Fainala. "Nanga mwana achite bwanji?"

Anthu a mumsika anali atatizinga. Alangizi aja anatulukira ndi wapolisi, lero nkhani sinalinso ya m'banja. Anatenga madengu athu ndi chigubu chomwe, nawauza a Levison kuti akadzapezekanso akuthira, shopu itsekedwa.

Panopa a Levison amagulitsa timabotolo tomata, tokhala ndi dzina ndi chithunzi cha chigaza. Mtengo wakwera, ndipo ena mwa amayi omwe anasenza nawo madengu akuti ndawadulitsira ndine. Apongozi anga sayankha moni wanga. Kumaliro a m'mudzi sabata yatha anandichotsa pamoto, akuti mayi wa apolisi asagwire mthiko.

Zimenezo ndapirira. Koma dzulo bambo a Thoko anabwera kuchokera kumsika wa ku Kaomba akukankha njinga, chinachake chitakulungidwa m'jumbo pakaliyala. Ndinachimasula. Madzi achikasu m'kabotolo kopanda dzina.

"Kumeneko n'zotchipa," anatero akuyang'ana kumbali. "Ndikabisa pamwamba, safikirapo."

"Dzina lake?"

"Anati ndi amphamvu."

Ndinamanga chitenje, ndinabereka Thoko, botololo m'manja. Anandifunsa komwe ndinkapita dzuwa lili pamutu chonchi, mbande zisanathiriridwe.

"Kwa a Faustina," ndinatero. "Ku Kaomba kuli mphwawo, ndipo nakonso kuli Chigwirizano. Mbandezo thirirani nokha."