Kaminga ka Pamwendo wa Nankafumbwe

Mabotolo anadzaza shelufu yonse ya m'labotale, lililonse lomangidwa kansalu kukamwa. M'kati mwake munali tinthambi ta mapichesi totupatupa ngati zala za wodwala nyamakazi. Mayi woyeza tizilombo ankadikira kuti aone chimene chituluke m'zotupazo, ndipo mtima sunali m'malo. Nthambizo zinachokera m'munda wa bambo ake omubereka, mitengo imene mkuluyo anamezanitsa yekha ndi kampeni kake mwana wakeyu asanamere n'komwe mano.

Lamulo silinkanyengerera munthu. Nankafumbwe wa m'zotupazo akakhala wamba, n'kungosadza nthambi basi. Akakhala wa mtundu woletsedwa wochokera kunja, munda wonse ugwetsedwe, utenthedwe. Tsoka ilo, mitundu iwiriyi ndi mapasa enieni, imasiyanira pa kaminga ka pamwendo wakutsogolo wa wamphongo: woletsedwayo ali nako, wambayo alibe. Ndiye tizilomboto, mwano wake, tinkangotuluka tatikazi tokhatokha.

M'mawa wina wamphongo anaboola chotupa n'kukwera pakansalu. Mayiyo anamuviika mu sipiriti, n'kumugoneka chagada pansi pa maikulosikopu, n'kuwongola mwendo ndi kasingano. Kaminga kanalipo. Anapukuta galasi, n'kuyesa mwendo winawo, ngati kuti kachilombo kangamvere munthu chisoni. Nakonso kanalipo. Anadana nako kanthu kameneko ndi mtima wake wonse.

Anaimbira foni bambo ake.

"Adokotala a nsabwe!" bambo ake anamulandira ndi nthabwala yawo ya masiku onse. "Zikuti bwanji ziweto zanuzo?"

"Ababa, ndi woletsedwa uja. Mitengo ipita yonse."

Mkuluyo anatsokomola.

"Ndinaziona kale ine, mwanawe. Usalire. Bambo akowa si opusa, mbewu yanga siifa ayi. Sabata yatha ndinadula nthambi zosalala bwino, zopanda chotupa ngakhale chimodzi, ndagawira anzanga. Amalume ako amezanitsa kale mzere wonse."

Mayiyo anakoka pepala ndi cholembera. Nankafumbweyu amaikira mazira pansi pa khungwa, ndipo nthambi imakhala yosalala kwa miyezi isanayambe kutupa. Zimenezi sanawauzepo. Tsopano si munda umodzinso wopsa, ndipo wolozera nkhwangwa njira anali iye mwini, mwana wawo.

"Ababa," anatero motsitsa mawu, "munditchulire onse amene munawapatsa."

Ndipo mkuluyo, monyadira, anayamba kutchula.