Masipuling'i a Galimoto ya Malemu Harlan

"Usadule masipuling'i amenewo, Dwight. Bambo ako ankati galimoto iyi ukaitsitsa mimba, idzakwawa."

Arlene anayankhula ali pakhomo la galaja, kapu ya khofi m'manja. Mwana wakeyo, munthu wa imvi kale, anali chagada pansi pa Chevelle ya mu 1969, miyendo yokha ikuoneka.

"Amayi, chinthuchi chimapendama pakona paliponse ngati chaledzera."

"Koma chimafika."

Galimotoyo inali ya malemu Harlan, mwamuna wa Arlene. Injini ndi yomwe ija inachoka nayo kufakitale, ndipo Harlan anaimasula n'kuimanganso kawiri ndi manja ake. Zovala zake zinapita kutchalitchi, mfuti anatenga mng'ono wake. Cha iye chimene chinkapumabe panyumbapo chinali injini yokhayo, ndipo Arlene sankapempha zambiri, koma kuimva ikulira Lamlungu masana.

Loweruka kunali chionetsero cha magalimoto akale kubwalo la m'tauni. Lonnie, mnzake wa Dwight wogulitsa matayala, anali atamuuza njira yake: masipuling'i atsopano ofupikirapo, mashoko ochepetsa kudumphadumpha oyenderana nawo, chitsulo chopingasa chokulirapo kutsogolo kuti isamapendame, ndi mabushi a labala a m'molumikizira zitsulo, popeza akalewo anali ataphwetekeratu. Koma katunduyo akanafika chionetsero chitatha. Dwight anangogula mashoko olimba, zinazo ati amaliza ndi chodulira zitsulo.

Lonnie atatulukira anapeza zidutswa za masipuling'i zili mbwee pansi.

"Mphete ziwiriziwiri? Iwe, ukukonza galimoto kapena simbi yositira?"

"Nsanje, mkulu. Yako ija imaima ngati ng'ombe."

"Ukanadula theka la mphete, uitsitse pajeke, uyende nayo kaye. Wadula sungabwezere."

"Ndilibe nthawi yovina."

Lonnie anayang'ana Arlene, Arlene anayang'ana khofi wake wozizira. Anali atatopa. Anachenjeza mwana ameneyu za njinga, za denga lonyowa, za mkazi wake woyamba. Ukachenjeza kwa zaka zambiri, anthu amakumva ngati firiji: ikulira, koma palibe wotembenuka.

Loweruka m'mawa galimoto inatuluka itagwada, yofiira psuu, matayala atabisala mkati mwa bodi yake. Kukongola inakongola, Arlene sanakane. Anavala chipewa, nakwera, poganiza kuti mantha ali bwino kuwamvera pafupi kusiyana ndi pawindo.

Kadzenje kalikonse kankamufika kumsana. Mano ake oikirira ankagundana. Koma pakona ya kusitolo ya mankhwala galimoto inakhota osapendama, ndipo Dwight anamenya chiwongolero ndi chikhato.

"Mwaona, amayi? Adadi akanalira ndi chimwemwe!"

"Kutsogoloku kuli njanji. Chepetsa."

Njanji ya pafupi ndi nkhokwe za chimanga ili pa kamtunda, aliyense wa kumeneko amaidziwa. Dwight anachepetsa monga ankachepetsera kale, galimoto isanatsike. Mphuno ya galimoto inakwera, inagwa, ndipo pansi panamveka khoo! mpaka m'mapazi.

"Ndi paipi ya utsi chabe," anatero Dwight.

Arlene anapotoza khosi movutikira. Kumbuyo, pamsewu, kunali mzere wakuda ukuwatsatira.

"Ima, mwanawe. Oilo akutayika."

"Tatsala pang'ono, tikaona tikafika. Malo amthunzi atha."

"Dwight, ima."

Sanabwerezenso kachitatu. Anagwira chikwama chake pamiyendo, namvetsera. Liwu lija la Lamlungu linayamba kuuma, kenako mkati munagogoda ngati munthu wotsekeredwa m'chipinda. Dwight anayang'ana kageji ka oilo, nkhope inasintha, dzanja linathamangira kiyi. Injini inamutsogolera: inamenya kamodzi mwamphamvu, basi zii.

Anaima m'mbali mwa munda wa chimanga. Magalimoto opita kuchionetsero ankadutsa akunyezimira, ena akuimba hutala. Lonnie anafika ndi lole yokokera, anagwada, nasuzumira pansi nthawi yaitali. Podzuka sanaseke.

"Sampu yosungira oilo yang'ambika, ndipo chitsulo chaboola injini m'nthiti. Imeneyi siidzaliranso, mayi."

Arlene anangogwedeza mutu, napempha kuti amuthandize kukwera m'lole, chifukwa msana sunkamulola. Dwight anatsala atakhala m'mphepete mwa ngalande, manja ali bii, akuyang'ana galimoto ya bambo ake ikukwezedwa, mimba ikukhula pansi.