Foni Yomwe Inkabisa Uthenga wa Sukulu

Anthu ankamutcha Mawaya chifukwa wailesi ikangofa m'nyumba, mtsikanayu amakhala ataimasula kale. Kwa miyezi itatu ankadikira kuona uthenga wa maphunziro a zamagetsi pa foni yake, koma foniyo inkangomuonetsa madiresi a ukwati, ulusi ndi mabatani.

Lachitatu lina mchimwene wake, munthu woti ngakhale kusintha babu sakudziwa, anadandaula ali chigonere pampando kuti uthenga wa sukulu ya zamagetsi wamukwana. Unkabwera pa foni yake tsiku lililonse, ndipo unkati kulembetsa kutha Lachisanu.

Mawaya zinamupweteka, koma chidwi chinakula kuposa mkwiyo. Anagundaniza mafoni awiriwo pa makina osokera a mayi ake. Tsamba la pa intaneti linali lomwelo, nyumba yomweyo, koma zooneka zinali zosiyana.

Iye ndi mayi ake anapita kwa aneba awo okonza mafoni. Anebawo sanatsegule n'komwe chivindikiro cha foni ya Mawaya. Anangofunsa kuti, "Kodi foniyi amaigwiranso ndani?"

Mayi anayang'ana pansi. Masana aliwonse ankaibwereka kuti aone masitayilo a makasitomala awo.

Anebawo anafotokoza kuti mapulogalamu a pa intaneti amasunga zomwe munthu watsegula ndi zomwe wachedwa akuonera, kenako n'kumamubweretsera zofanana nazo. Nthawi zina otsatsa amasankhanso okha oti aone uthenga wawo, mwina anyamata okhaokha.

"Ndiye andisankhira osandifunsa?" anatero Mawaya.

"Vuto lagona pamenepo, mwanawe," anayankha anebawo. "Zomwe akuonetsa umaziona. Zomwe akubisira sungazidziwe."

Anamuonetsa pofufutira mbiri ya zomwe zaoneredwa, ndi posinthira zokonda zake. Anamulangizanso kuti asamadikire foni kumubweretsera nkhani. Azilemba yekha zomwe akufuna, azifananiza ndi zomwe anzake akuona, ndipo nkhani ikakhala yaikulu azikafunsa eniake.

Lachinayi m'mawa Mawaya anali woyamba pamzere kusukuluko. Dzina lake linalowa kutatsala tsiku limodzi.

Atabwera ndi kalata yomulandira, mayi ake anaimitsa makina. "Ine ndimati ndikungobwereka foni," anatero, "osadziwa kuti ndikusokera mwana wanga tsogolo losamukwana."

Zomwe foni ikukuonetsani si zonse zomwe zilipo. Fufuzani nokha ndipo funsani anzanu, paja safunsa anadya phula.